Dzina la wonyamula makalata pa cipupa ca positi

Ku America, kuti positi ofesi ipatsidwe dzina la munthu pamafunika lamulo lathunthu. Phungu amalemba bilu, nyumba zonse ziwili za malamulo zimavomeleza, ndiyeno pulezidenti amasaina monga mmene amasainila bajeti ya dziko. Zonsezi zikatha, a positi amakhoma kacikwangwani mkati mwa nyumbayo. Kukula kwake ndi masentimita 28 kwa 36, kuposako pang'ono pepala la A4. Keyala siisintha, mtengo wa sitampa susintha, ndipo anthu a m'tauniyo amapitiliza kukamba cabe kuti "ndapita ku positi".

Mwambo umenewu unayamba mu 1967, ndipo woyamba kulandila ulemuwo anali Charles Buckley, phungu wa ku Bronx mu New York. Wandale, monga mwaganizila kale. Pakati pa 2003 ndi 2012, pa malamulo asanu alionse amene anatuluka m'nyumba ya malamulo ku Washington, pafupifupi limodzi linali lopatsa dzina positi ofesi. Atolankhani a kumeneko amaseka nazo, cifukwa aphungu amene amakangana caka conse pa nkhani ya mfuti ndi misonkho amagwilizana msanga ikafika nkhani ya cikwangwani. Maina ambili ndi a andale anzawo, a asilikali amene anafela ku Iraq ndi ku Afghanistan, ndi a anthu ochuka monga woimba Frank Sinatra, amene positi ya kwawo ku Hoboken inatenga dzina lake. Mwa apo ndi apo, pa mndandandawo pamatulukila munthu amene anagwiladi nchito ya positi, amene anakalamba akunyamula thumba la makalata.

Ine ndikuti dzina la munthu ameneyu ndilo loyenela cipupa cimeneco kupambana ena onse aja, maka-maka ngati anali wonyamula makalata kumidzi. Koma ulemu wa mtundu uwu uli ndi fungo lake, ndipo sindidzalibisa.

Kuti mumvetse cifukwa cake anthu a kumidzi ya ku America amakonda wamakalata wawo, muyenela kudziwa mmene zinthu zinalili asanabwele. Anthu a m'mizinda anayamba kulandila makalata pakhomo mu 1863. Mlimi anapitiliza kudzitengela yekha. Anali kusiya khasu, kumanga hachi ku ngolo, ndi kuyenda mtunda wautali kukafunsa ku positi ngati kuli kalata, ndipo nthawi zina anali kubwelako cimanjamanja. Sitampa anali kugula pa mtengo umodzimodzi ndi wa mumzinda. Pa 1 October 1896 boma linayesa kutumiza anthu 5 kuti azipeleka makalata m'mafamu a ku West Virginia, ndipo mu 1902 nchitoyo inakhazikitsidwa m'dziko lonse. Hachi, ngolo ndi cakudya ca hachiyo zinali za wamakalata mwini wake. Olo lelo, ambili a iwo amayenda ndi motoka zawozawo.

Munthu ameneyu sanali kunyamula makalata cabe. Anali kugulitsa masitampa, kulandila ndalama zotumiza, kubweletsa nyuzipepala imene inali kuuza mlimi mtengo wa tiligu mumzinda kuti wogula asamudyele masuku pamutu. Kuyambila mu 1913 anayamba kubweletsanso maphukusi. Cina cimene ndimacikonda pa mbili imeneyi ndi nkhani ya misewu. A positi anali kukana kutsegula njila ya makalata kumene msewu unali woipa, conco alimi ndi makhonsolo awo anayamba kukonza misewu ndi milatho kuti wamakalata azidutsa. M'madela ambili, kalata ndiyo inakoka msewu.

Panalinso ena amene sanali olembedwa nchito ndi boma, koma anali kupikisana kuti apatsidwe kontilakiti yonyamula makalata pa njila inayake. Mmodzi wa iwo anali Mary Fields. Anabadwa ali kapolo ku Tennessee ca m'ma 1832. Mu 1895, ali ndi zaka zopitilila 60, anatenga njila yocokela ku Cascade kupita ku mishoni ya St. Peter's ku Montana, ndipo anakhala mkazi wakuda woyamba kugwila nchito yotelo ku America. Anaigwila zaka 8. Cipale cofewa cikaculuka moti ngolo siingadutse, anali kutsika, kuika matumba pa phewa, ndi kuyenda wapansi. Ganizilani ambuye anu a zaka 65 akucita zimenezo.

Wina adzati, nanga si inali nchito yake, ndipo anali kufola? Tiyambe kukhoma zikwangwani kwa aliyense amene amafika pa nchito 8 koloko? Funso limeneli ndi labwino, koma n'zodabwitsa kuti silifunsidwa pamene dzina ndi la nduna. Nduna nayonso inali pa nchito, inali kufola, ndipo inali ndi motoka ya boma ndi dalaivala. Ngati kugwila bwino nchito yolipidwa sikokwanila, ndiye kuti theka la maina a pa misewu ya dziko lililonse liyenela kufufutidwa. Ndipo pali kusiyana kumene ine ndimakuona kukhala kwakukulu. Phungu amene dzina lake lili pa positi mwina analowamo kawili pa moyo wake wonse. Wamakalata anali kulowa pa citseko ca kumbuyo m'mamawa uliwonse kwa zaka 30. Anali kudziwa nyumba imene ikuyembekezela kalata ya mwana wa ku nkhondo, ndi nkhalamba imene ikapanda kutuluka kudzatenga makalata ake ndiye kuti cinacake calakwika. Nyumba ya positiyo ndi yake m'njila imene siingakhale ya phungu.

Manje fungo lija.

John Thompson anabadwila ku Norway mu 1827 ndipo anasamukila ku America ali mwana. Kuyambila mu 1856, kwa zaka 20, nyengo yozizila iliyonse anali kuoloka mapili a Sierra Nevada ndi makalata, kucokela ku Placerville mu California kufika ku Genoa mu Nevada. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 145. Njila ikatsekedwa ndi cipale cofewa, palibe ngolo kapena hachi imene inali kudutsa. Iye anali kumanga matabwa awili aatali ku mapazi ndi kutsetseleka nawo monga amacitila kwawo ku Norway, masiku atatu popita, awili pobwela, kumsana kuli katundu wolemela kuposa thumba la unga la 25kg. Anthu anamupatsa dzina lakuti Snowshoe Thompson. Pa nchito yonseyi boma silinamulipile. Anapita yekha mpaka ku Washington kukapempha malipilo ake, anadikila, anabwelako wopanda kanthu. Anamwalila mu 1876 ali ndi zaka 49. Lelo ku Genoa kuli cifanizilo cake ca mkuwa, ndipo alendo amajambulitsa pamenepo.

Apa m'pamene ndimamvetsa anthu amene amanyansidwa ndi zikwangwani. Cikwangwani n'cochipa. Kuonjezela malipilo a onyamula makalata onse kumafuna ndalama zambili ndi mkangano wa miyezi, koma kacitsulo ka pa cipupa kamafuna tsiku limodzi, tenti, ndi wojambula zithunzi. Wandale amacokapo ataoneka wacifundo, ndipo mnzake wa womwalilayo amabwelela ku njila yake mawa lake ndi motoka yake yakutha ija. Nthawi zambili ulemuwo umabwela munthu atapita kale. Joseph Ileto, wamakalata wa ku California amene anali wocokela ku Philippines, anaombeledwa ali pa nchito pa 10 August 1999 ndi munthu wodana ndi anthu amene si azungu. Positi ya ku Chino Hills inapatsidwa dzina lake, ndipo cinali coyenela. Koma funso limatsala m'mutu: akanapanda kuphedwa, akanangonyamula thumba lake mpaka kukalamba, kodi wina akanalemba bilu?

Ngakhale n'telo, sindivomeleza kuti yankho ndi kuleka kupatsa maina. Thompson sanamanidwe ndalama cifukwa ca cifanizilo. Anamanidwa ndalama, ndiyeno patapita zaka zambili anthu ena anacita zimene akanakwanitsa. Ndipo cifanizilo cimeneco ndico cacititsa kuti ine, munthu wa ku Zambia, ndidziwe kuti boma la America linatsala ndi nkhongole ya munthu ameneyu. Dzina likakhala pa cipupa, mwana amafunsa kuti ameneyu anali ndani, ndipo yankho lake limatulutsa zonse, zokoma ndi zocititsa manyazi. Ku Indianola mu Mississippi, positi ili ndi dzina la Minnie Cox kuyambila mu 2008. Anali mkazi wakuda woyang'anila positi imeneyo, ndipo azungu a m'tauniyo anamuopseza mpaka anacoka. Pulezidenti Theodore Roosevelt anakana kulandila kalata yake yosiya nchito, ndipo mu 1903 anatseka positiyo, anthu a m'tauniyo n'kumakatenga makalata awo ku tauni ina. Munthu sangafotokoze cifukwa cake dzina la mayi ameneyu lili pa nyumbayo popanda kufotokoza zimene makolo a tauniyo anacita.

Nkhani imeneyi imandikhudza cifukwa ifenso tinali nawo anthu athu a thumba. Njanji ndi misewu ya motoka zisanafike, makalata m'dziko lino anali kuyenda pa mutu ndi pa phewa. Amuna anali kucoka pa boma ina kupita pa boma ina wapansi, ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Serenje, ku Mpika, ku Kasama, ku Abercorn, kudutsa m'nkhalango za mikango ndi kuoloka Luangwa isanakhale ndi mlatho. Aliyense amene anayendapo pa basi kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata, n'kumadandaula msana pofika pa Nyimba, angayelekeze cabe. Dzina la Robert Codrington, bwanamkubwa amene anali kulamulila ali ku Fort Jameson, lili m'mabuku. Tauniyo inachedwa dzina la Jameson kwa zaka zambili tisanaibwezele kukhala Chipata. Koma ndani wa ife anaphunzitsidwa ku sukulu dzina olo limodzi la munthu amene ananyamula makalata a Codrington?

Musaganize kuti anali kunyamula makalata a atsamunda cabe. Pamene amuna a kum'mawa anayamba kupita ku migodi ya Copperbelt, ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni, kalata ndiyo inali cingwe cogwila banja. Mwamuna amene kalata yake inali kufika anali akali wa pamudzi. Amene inaleka kufika anali kuwelengedwa pa machona, ndipo mkazi wake anali kuyamba kufunsidwa mafunso ovuta ndi acibale. Ndalama ya msonkho, ya sukulu, ya bulangeti, yonse inali kudzela mmenemo.

Pali cina cosiyana ndi ku America cimene tiyenela kuciona. Kuno positi siinazolowele kufika pakhomo. Kalata imathela m'bokosi la ku boma, ndipo mudzi wonse unali kugwilitsa nchito keyala ya sukulu kapena ya mishoni. Mtunda wotsala, kucoka pa bokosi kufika m'manja mwa mwini kalata, unali kuyendedwa ndi munthu amene nthawi zina sanali wa positi n'komwe: mesenjala wa sukulu pa njinga, katekisiti, kondakitala wa basi, mphunzitsi amene anali kuitana maina pa asembule ndi kupatsa mwana envulopu kuti akapeleke kwa amake. Madzulo mphunzitsi yemweyo, kapena mwana wa Giledi 6, ndiye anali kuwelengela mayi wosadziwa kuwelenga, ndipo cinsinsi ca banjalo anali kucisunga. Conco wonyamula makalata wa kumidzi wa ku Zambia angakhale kuti alibe nambala ya nchito m'buku lililonse la boma. Amene amamudziwa ndi agogo a m'delalo, ndipo agogowo akutha.

Onani mmene timagawila maina. Mu 2011 a Michael Sata atangolowa m'boma, mabwalo atatu a ndeke anapatsidwa maina a Kenneth Kaunda, Simon Mwansa Kapwepwe ndi Harry Mwaanga Nkumbula. Ndilibe nawo mkangano, anthu amenewa anagwila nchito yawo. Dzina la a Levy Mwanawasa lili pa sitediyamu ku Ndola, pa cipatala ndi pa yunivesite ku Lusaka, ndi pa mlatho wa pa Chembe. Naconso si colakwa. Koma mukaika zonse pamodzi, mwana amene akukula lelo amaphunzila kuti dziko linamangidwa ndi anthu osakwana 20, onse a ndale, pafupifupi onse amuna. Cifanizilo ca Ufulu ca pa Independence Avenue, ca munthu wodula unyolo, cakhala pa ndalama zathu za mapepala kwa zaka zambili. Funsani anzanu pa gulu la WhatsApp kuti munthu ameneyo ndani. Ocepa cabe ndiwo adzachula Zanco Mpundu Mutembo wa ku Mbala. Nkhope tinaitenga, dzina tinalisiya.

Ndidziwa zimene ena a inu mukukamba: positi inafa, bwanji tikambe za manda? N'zoona kuti yacepa mphamvu. Kucokela pamene kampani yakale ya positi ndi lamya inagawidwa pawili mu 1994, n'kukhala Zampost ndi Zamtel, foni ndiyo yathamanga. Ndalama timatumiza pa kabuthu ka pakona, moni timapatsana pa foni, ndipo ambili a zaka 20 sananyambitepo sitampa. Koma nchito yonyamula siinafe, inangosintha zovala. Nsapato zimene munagula pa Facebook zinabwela ndi mnyamata wa pa njinga yamoto amene anadutsa m'matope a mu komboni mvula ikugwa. Thumba la nshawa locokela kwa amai ku Katete linafika pa Intercity cifukwa kondakitala wina analisunga pansi pa mpando ndi kukuimbilani foni. Nawonso simudziwa maina awo. Mu foni munawasunga kuti "wa delivery". Mmene timakumbukila wamakalata wakale ndi mmene tidzakumbukila awa, ndipo ena a inu amene mukuwelenga ndinu amene muli pa njinga yamotoyo.

Kucepa kwa positi ndiko kumapangitsa nkhaniyi kukhala yacangu. Nyumba zake zikalipo m'maboma ambili, ndipo nthawi zambili zili pakati peni-peni pa tauni. Zilibe maina a anthu, zimangochedwa ndi dzina la malo. Palibe amene adzalandidwa ulemu ngati positi ya ku Lundazi, ya ku Chama kapena ya ku Petauke ipatsidwa dzina la munthu amene anaitumikila ndi miyendo yake.

Vuto lalikulu lidzakhala posankha. Tonse tidziwa mmene zinthu zabwino zimaonongekela zikagwela m'manja mwa makada. Mukangolengeza kuti positi ifuna dzina, mawa mudzamva kuti atate ake a ceyamani wa cipani nawonso ananyamulapo kalata tsiku lina. Ku America ali ndi kamsampha kothandiza: komiti ya nyumba ya malamulo imafuna kuti aphungu onse a m'cigawo cimene muli positiyo asaine biluyo, a cipani colamula ndi otsutsa omwe. Dzina limene mbali imodzi ikulikana silipita patsogolo. Kuno sitifunika kuvutitsa Nyumba ya Malamulo ndi zikwangwani, ili kale ndi zocita zambili zimene siinamalize. Dzina licokele m'delalo. Mafumu, machechi, aphunzitsi opuma nchito ndi ogwila nchito ku positi akale akhale pansi, ndipo ma wailesi a m'madela atsegule foni kuti anthu acitile umboni. Ife a pa wailesi timadziwa kuti mukafunsa funso lotelo pa pulogilamu ya madzulo, nkhalamba zimabweleka foni kwa adzukulu kuti ziimbe, ndipo wabodza amagwidwa pompo cifukwa mnzake wa mudzi woyandikana akumvetsela. Amene anakhalapo pa udindo wa cipani aikidwe pambali, ali kale ndi misewu yokwanila.

Ndipo ndingaike lamulo limodzi lolimba, cifukwa ca Thompson uja. Nsalu ya pa cikwangwani isacotsedwe mpaka zitatsimikizika kuti munthuyo, kapena mkazi wake wamasiye, analandila ndalama zake zonse za penshoni. M'dziko limene opuma nchito amatha nsapato akulondola ndalama zawo m'maofesi a ku Lusaka, kungakhale kunyoza kuitana banja ku mwambo, kulipatsa mpando wa kutsogolo ndi botolo la madzi, fayelo ya atate awo ikali pansi pa mulu. Lamulo limeneli lingacite zinthu ziwili: lingacedwetse mwambo, kapena lingafulumizitse fayelo. Podziwa mmene akuluakulu amakondela kudula liboni, ine ndikubecha pa caciwili. Ndipo ngati munthuyo akali moyo, asadikilidwe kuti afe. Abwele ndi ndodo yake adzaone yekha.

Cikwangwanico cisakhale ca dzina lokha. Cilembedwe njila imene anali kuyenda, kucokela pati kufika pati, makilomita angati, zaka zingati, wapansi kapena pa njinga. Cilembedwe m'Cinyanja, kapena m'Citumbuka ngati ndi ku Lundazi, Cizungu cibwele pansi. Ngati anthu anali kumudziwa ndi dzina lina loseka, monga zimakhalila ndi aliyense woyenda m'midzi, nalonso lilembedwe, pakuti ndilo limene agogo adzalizindikila. Ndipo wolemba apite kwa banja kukafunsa kalembedwe kake asanayambe kugoba citsulo. Pa mwala wa pa manda a Snowshoe Thompson ku Genoa, wogoba anaiwala cilembo ca p, ndipo mpaka lelo palembedwa kuti Thomson.